Nyali Yosintha Mitundu: M'mene Tingaikonzere ndi Kuiphunzitsira M'kalasi

Munthu woyenda madzulo m'miseu ya ku Kawale, ku Biwi kapena ku Area 25 sangalephere kuona timagetsi tosintha mitundu. Tili pa zitseko za malo ometera, m'mphepete mwa madenga a magolosale, m'kati mwa maminibasi ena, ndiponso kuseri kwa gome la akwati pa madyerero a ukwati. Timayamba tofiira, kenaka nkusanduka tobiriŵira, posakhalitsa nkukhala tachikasu, popanda munthu wochotsa babu ndi kuikapo lina. Ana amene tidzaŵaphunzitse m'sukulu za m'madera ameneŵa amationa tsiku ndi tsiku, ndipo ali kale ndi maganizo ao pa za m'mene timagwirira ntchito. Ena amati m'kati mwake muli madzi a utoto oyendayenda. Ena amati rimoti ndiyo imasunga mitundu ndi kuiponyera ku nyali. Mayankho otere tisaŵaseke, chifukwa akusonyeza kuti mwanayo wakhala akuganiza. Chimene akusoŵa ndi mpata woyesa maganizo akewo ndi manja ake.

Chimene tifuna kuti mwana aone ndi ichi: nyali yosintha mitundu ndi nyali zitatu zoikidwa moyandikana kwambiri, yofiira, yobiriŵira ndi yabuluu. Mitundu ina yonse imabwera poyatsa, pozimitsa kapena pochepetsa mphamvu ya nyali zitatuzi. Rimoti ndi kabokosi kake zimagwira ntchito imeneyi mobisika, motero mwana woyamba ndi rimoti amangophunzira kudina mabatani. Ife tikuti tiyambe ndi maswichi atatu opanga tokha, rimoti ibwere pambuyo.

Kanyali ka LED

Babu lakale lija la kawaya m'kati limaŵala chifukwa kawayako kamatentha mpaka kuyera, ndipo mphamvu yochuluka ya magetsi imathera m'kutenthako. Kanyali kotchedwa LED kalibe kawaya kotero. M'kati mwake muli kachidutswa konga kamchenga, kopangidwa ndi zigaŵo ziŵiri zogundana, ndipo magetsi akamaoloka malire a zigaŵozo kuŵala kumatuluka. Mtundu wa kuŵalako umatsata zinthu zimene adapangira kachidutswako. Nchifukwa chake timanyali tiŵiri tofanana, toonekera m'kati ngati galasi, tingathe kuyaka kena kofiira kena kabuluu.

LED yofiira adaipanga Nick Holonyak ku kampani ya General Electric ku America m'chaka cha 1962. Yabuluu yoŵala bwino idaŵakanika akatswiri kwa zaka pafupifupi 30, mpaka pamene Isamu Akasaki ndi Hiroshi Amano a ku yunivesite ya Nagoya, pamodzi ndi Shuji Nakamura wa ku kampani ya Nichia, onse a ku Japan, adapeza njira yake. Idayamba kupezeka m'chaka cha 1993, ndipo atatuŵa adalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2014. Mbiri imeneyi ili ndi phindu kwa ana, pakuti ngakhale tochi yoyera ija ena amaŵerengera usiku ku Mgona kapena ku Chinsapo ndi LED yabuluu yokutidwa ndi ufa wachikasu. Tochiyo ikazima tiisuzumire, tidzaona kadontho kachikasu pakati pake.

Tigwirizane maina tisanayatse kanthu

Pano pali vuto limene mabuku olembedwa kunja satchula. M'Chicheŵa mau akuti kufiira, kuyera ndi kuda ngokhazikika, koma akuti kubiriŵira ngotakasuka. Masamba a chimanga ngobiriŵira, komabe agogo ambiri anganene kuti thambo ndi madzi a m'nyanja nazonso nzobiriŵira. Ana a m'tauni amati girini ndi buluu, ndipo wina amatcha chilichonse chofiirira kuti pinki. Tikayatsa nyali tisanagwirizane maina, kalasi lidzakangana pa mau, ife nkumaganiza kuti akukangana pa sayansi.

Tsono tsiku loyamba tibwere ndi zinthu zenizeni: tomato wakupsa, tsamba la mpiru, kansalu kabuluu ndi duŵa la dzungu. Tizikhomere pa katoni ndi kulemba dzina pansi pa chilichonse, m'Chicheŵa ndi m'Chingerezi, popeza mayeso a Sitandade 8 a sayansi amafunsidwa m'Chingerezi. Padzatsala mitundu iŵiri imene ilibe maina okhazikika kwathu kuno, wina wotuluka posakaniza kuŵala kobiriŵira ndi kwabuluu, wina wotuluka posakaniza kofiira ndi kwabuluu. Maina ake a m'mabuku ndi cyan ndi magenta. Ameneŵa tisaŵatchule msanga. Ana ayambe auona mtunduwo, aupatse dzina lao pouyerekeza ndi chinthu chimene akuchidziŵa, dzina la m'buku libwere pambuyo.

Kukonza bokosi la mdima

Chiyambire chaka cha 1994, pamene boma lidachotsa fizi ku pulaimale, makalasi a m'mizinda adadzaza, ndipo kalasi la ana oposa 100 si lachilendo ku Area 23 kapena ku Chinsapo. Mazenera ambiri ndi a njerwa zobooka, osatheka kutseka, ndipo makalasi ena amakhala pansi pa mtengo. Sitingadetse chipinda chonse. Chimene tingachite ndi kudetsa katoni. Titenge katoni yaikulu ya sopo kapena ya mafuta ophikira, timate pepala loyera m'kati pa khoma lina lakufupi, ndipo pamwamba pake tiboole zenera loti ana anai kapena asanu nkusuzumira nthaŵi imodzi. Chitenje chakuda chofunda pa mitu yao chimathandiza dzuŵa likakhala paliombo. Iyi ndi njira yomwe ija ya TALULAR imene timaphunzira ku koleji, yogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi.

Timanyali ta LED timapezeka kwa okonza mawailesi ndi mafoni m'misika ya m'madera muno, monga ku Nsungwi ndi ku Kawale, ndiponso m'masitolo a zamagetsi a ku Malangalanga. Tina tingatichotse m'zidole zakufa ndi m'malaitala okhala ndi katochi. Poyesa ngati kanyali nkamoyo, tipanikize kabatire kozungulira ka mavolti 3 pakati pa miyendo yake iŵiri. Mwendo wautali ukhale ku mbali yolembedwa +. Kakapanda kuyaka titembenuze, pakuti LED imalola magetsi kuyenda mbali imodzi yokha. Posankha kobiriŵira tisamale. Timanyali takale tija ta pulasitiki wobiriŵira, topezeka pa mawailesi akale, timaŵala mofooka ndipo mtundu wake umapendekera ku chikasu, motero sitisakanikirana bwino ndi tinzake. Tifune toonekera m'kati, toŵala ngati tsamba lanthete. Mababu a m'nyumba ndi mawailesi a kanema akufa ana asatsekule, chifukwa m'kati mwake mumatsalira magetsi otha kumenya munthu, ndipo mababu opotana aja muli mankhwala a poizoni.

Mphamvu ichokere ku mabatire atatu aakulu a tochi, ogundanitsidwa mutu ndi tako, okulungidwa m'pepala lolimba ndi kumangidwa ndi mphira ya chubu cha njinga. Batire lililonse ndi la mavolti 1.5, atatu pamodzi 4.5. LED ikalumikizidwa ku mabatireŵa popanda choichinjiriza imaŵala kwambiri kamphindi kochepa nkupsa. Choichinjiriza ndi kachipangizo ka mizeremizere kotchedwa rezisita, kamene kamachepetsa magetsi oyenda m'waya. Kukula kwa rezisita timaŵerengera motere. LED yofiira imadya mavolti pafupifupi 2, ndipo magetsi oyenera kudutsamo ndi ampeya 0.02. Pa mavolti 4.5 tikachotsa 2 patsala 2.5, ndipo 2.5 tikagaŵa ndi 0.02 tipeza ma-ohm 125. Rezisita ya 125 sipezeka kaŵirikaŵiri, tsono titenga yotsatira kumtunda, ya 150, ya mizere bulauni, wobiriŵira, bulauni. Yobiriŵira ndi yabuluu zimadya mavolti pafupifupi 3, patsala 1.5, yankho nkukhala 75, ndipo titenga ya 100, ya mizere bulauni, wakuda, bulauni. Samu imeneyi mphunzitsi aichite yekha pokonzekera, koma ana ochenjera a Sitandade 8 angaikwanitse.

Kanyali kalikonse kakhale ndi njira yakeyake: waya wochoka ku mbali ya + ya mabatire, swichi, rezisita, mwendo wautali wa LED, ndipo mwendo waufupi ubwerere ku mbali inayo ya mabatire. Ena pofuna kusunga ndalama amaika rezisita imodzi ya timanyali tonse titatu. Akatero, kofiira, kamene kamayaka ndi mavolti ochepa, kamalanda magetsi onse, ndipo kabuluu ndi kobiriŵira timazima kofiirako kakangoyatsidwa. Swichi timapanga ndi kawaya kopanira mapepala ndi timisomali tiŵiri ta bolodi la zidziŵitso, tokhomedwa pa kathabwa. Kawayako kakagunda kamsomali kachiŵiri, nyali yayaka. Maswichi akhale kunja kwa katoni, aliyense ndi chizindikiro cha mtundu wake.

Kanyali kalikonse tikamangirire pa bokosi lake la machesi, tikavale kachubu ka pepala lakuda kotalika ngati chala kuti kuŵala kutuluke kozungulira bwino. Mabokosi atatuwo tiŵaike m'katoni motalikirana ngati chikhatho chimodzi, onse oloza pa malo amodzi a pepala loyera lija, kuti mabwalo atatu a kuŵala aloŵane. Mabokosi a machesiwo tisaŵamate pansi; chifukwa chake tichiona posachedwa.

Phunziro lenileni

Tisayatse kanthu ana asanalosere. Tiŵafunse kuti: kuŵala kofiira kukakumana ndi kobiriŵira pa pepala loyera, padzaoneka mtundu wanji? Aliyense alembe yankho lake m'kope. Ambiri adzalemba kuti wakuda kapena wa dothi, chifukwa ndizo amaona akasakaniza utoto kapena makrayoni. Kenaka gulu loyamba lisuzumire m'katoni, mwana mmodzi atseke maswichi aŵiriwo. Pamene mabwalo aŵiri aloŵana padzaoneka chikasu choŵala. Nthaŵi imeneyi mphunzitsi akhale chete. Ana adzazimitsa ndi kuyatsanso, ena adzasuzumira kuseri kufuna kuona ngati tabisa nyali yachinai, ndipo kufufuza kumeneko ndiko phunziro. Gulu limene laona lisauze anzao. Kusunga chinsinsi kumaŵasangalatsa, ndipo kumasunga chidwi cha oyembekeza, amene pa nthaŵiyo akhale akujambula njira ya mawaya m'makope mwao.

Pambuyo pake ana apeze okha kuti maswichi atatu angatcheredwe m'njira zingati. Ajambule mizati itatu, alembe 1 pa nyali yoyaka ndi 0 pa yozima. Adzapeza njira 8: mdima, mitundu itatu yoyamba ija, chikasu, cyan, magenta, ndi kuyera pamene zonse zitatu zayaka. Kaŵirikaŵiri kuyerako sikukhala kwenikweni. Kumapendekera ku buluu kapena ku kufiira, chifukwa timanyali titatuto sitilingana mphamvu. Apa ndi pamene mabokosi a machesi osamata aja athandizira. Kanyali kopambana tinzake tikabweze m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka pepala liyere. Nyali ikatalikira kaŵiri, kuŵala kwake pa pepala kumatsika kufika pa gaŵo limodzi mwa magaŵo anai. Mwa njira yomweyi, kobiriŵira kakabwerera m'mbuyo kofiira kali pomwepo, chikasu chimasanduka mtundu wa lalanje. Amene ali ndi wailesi yakufa angachotse kokwezera mau, nalumikiza mwendo wake wapakati ndi umodzi wam'mbali pa njira ya kanyali kamodzi, rezisita ija ili pomwepo. Akapotokola, kuŵala kumakwera ndi kutsika.

Chokondweretsa koposa ndi zithunzithunzi. Nyali zonse zitatu zili chiyakire, mwana aimike pensulo patsogolo pa pepala. Padzaoneka zithunzithunzi zitatu, chimodzi chachikasu, china cha cyan, china cha magenta. Funso nlakuti: chachikasucho chatchingidwa ndi nyali iti? Mwana amene ayankhe kuti yabuluu, popeza pamenepo pakufika kofiira ndi kobiriŵira kokha, wamvetsa phunziro lonse, ndipo sitisoŵanso kumpatsa mayeso ena.

Nanga chikasucho chichokera kuti? Mphunzitsi ayenera kudziŵa yankho ngakhale sadzalipereka lonse. Isaac Newton adaonetsa m'chaka cha 1666 kuti kuŵala kwa dzuŵa kukadutsa m'galasi la ngodya zitatu kumagaŵikana m'mitundu ya utawaleza. M'chaka cha 1802 Thomas Young adaganiza kuti diso silisoŵa chomvera chapadera cha mtundu uliwonse, zitatu zokha nzokwanira, ndipo lero tikudziŵa kuti kuseri kwa diso kuli timaselo ta mitundu itatu tomva kuŵala. Kuŵala kwachikasu kwa utawaleza kumadzutsa magulu aŵiri a timaseloti nthaŵi imodzi. Kofiira ndi kobiriŵira kukafika pamodzi kumadzutsa magulu aŵiri omwewo, ndipo ubongo umalandira uthenga wofanana. Kunena zoona, kusakanizako kumachitikira m'diso ndi m'mutu mwa woonayo. James Clerk Maxwell adatsimikiza zimenezi m'chaka cha 1861 poonetsa chithunzi cha mitundu ndi nyali zitatu zoloza pa nsalu imodzi. Katoni yathu ya sopo ikuchita zomwezo.

Mkangano wa utoto sitingauthaŵe, chifukwa ana omweŵa adaphunzira m'phunziro la zaluso kuti chikasu ndi buluu zimabala kubiriŵira. Mphunzitsi wa zalusoyo sadaname. Nyali imaonjeza kuŵala, pamene utoto umameza. Tomato ngwofiira chifukwa khungu lake limameza mitundu ina ndi kubweza kofiira. Tikasakaniza utoto uŵiri, uliwonse umameza gaŵo lake, chotsala nkuchepa, mtundu nkuda. Poonetsa zimenezi ana ajambule mbendera ya Malaŵi ndi makrayoni, wakuda pamwamba ndi dzuŵa lake lofiira, wofiira pakati, wobiriŵira pansi, ndipo aiike m'katoni. Pa nyali yofiira yokha dzuŵa ndi mzere wapakati zimaŵala, mzere wobiriŵira nkuda. Pa nyali yobiriŵira yokha mzere wapakati umada ndipo dzuŵa limamira m'mzere wakuda. Amai ao a anaŵa adazidziŵa kale zimenezi, ndicho chifukwa chake pogula chitenje amachitulutsa m'sitolo kuti achione pa dzuŵa.

Mau amodzi ochenjeza: tisapereke maloboti a pa mseu ngati chitsanzo cha kusakaniza. Nyali yapakati ya loboti ili ndi timanyali take tachikasu.

Lamba wa timagetsi ndi rimoti yake

Ana atazoloŵera maswichi, tibweretse chija amaona ku malo ometera. Chili ndi zinthu zinai: lamba wa timagetsi, kabokosi kolamulira, rimoti, ndi adaputa ya mavolti 12. Lambayo amagulitsidwa wokulunga, kaŵirikaŵiri wa mamita 5, koma m'kalasi mita imodzi njokwanira, ndipo kubwereka kwa kholo kapena kwa wokongoletsa maukwati nkotheka. Lamba asanayake ana amuyang'anitsitse. M'kabwalo kalikonse muli timadontho titatu, ndito timanyali titatu tija. M'mphepete muli njira zinai zamkuwa zolembedwa +12V, R, G ndi B. Ya +12V njogaŵana onse, zinazo ndi za kofiira, kobiriŵira ndi kabuluu. Pali malamba ena a mawaya atatu, amene kanyali kalikonse kamasintha pa kokha. Ameneŵa ngovuta kufotokoza, tiŵasiye.

Tisanalumikize kabokosi, tichite chinthu chimodzi chimene chimagwirizanitsa maphunziro aŵiriŵa. Waya wa + wa batire la mavolti 12 ugunde pa +12V, ndipo mwana agunditse waya winawo pa R, kenaka pa G, kenaka pa ziŵiri pamodzi. Lamba adzafiira, adzabiriŵira, adzakhala wachikasu, rimoti ili m'thumba mwa mphunzitsi. Pamenepo maganizo aja akuti rimoti ndiyo imasunga mitundu atha okha. Kabokosi kolamulira ndi maswichi atatu basi, koma otseka ndi kutsekula mofulumira koposa chala cha munthu.

Kufulumira kumeneku ndiko chinsinsi cha kuchepetsa kuŵala. Kabokosi sikabweza nyali m'mbuyo monga tidachitira ndi mabokosi a machesi. Kamayatsa ndi kuzimitsa kanyali kambirimbiri pa sekondi imodzi, mwina mazana angapo, kotero kuti diso silitha kutsata. Kanyali kakamayaka theka la nthaŵi timaona ngati kakuŵala mofooka. Umboni wake ngwosavuta: tisankhe mtundu wa lalanje kapena tichepetse kuŵala, kenaka tigwedeze nsonga ya lamba mofulumira m'malo amdima. M'malo mwa mzere wosalekeza tidzaona mzere wodukaduka. Makompyuta ndi mafoni amagaŵa mphamvu ya mtundu uliwonse m'masitepe 256, motero 256 kuchulukitsa ndi 256 ndi 256 kumabala mitundu 16,777,216. Kadontho kakang'ono ka madzi pa galasi la foni, pamalo poyera, kamakulitsa timadontho tofiira, tobiriŵira ndi tabuluu tokhala pamenepo.

Rimoti nayo ili ndi LED kumutu kwake, koma kuŵala kwake diso la munthu silikuona. Kamera ya mafoni ambiri imakuona: tiloze rimoti ku kamera, tidine batani, tidzaona kanyali kakuphethira. Kuphethirako ndiwo uthenga wopita ku kadiso kakuda kolendeŵera pa kabokosi. Kadisoko kakatchingidwa, kapena dzuŵa likakaomba mwamphamvu, rimoti imaoneka ngati yafa.

Polumikiza, kamuvi kolembedwa pa pulagi ya kabokosi kaloze pa +12V ya lamba. Podula lamba tidule pa mzere wodutsa pakati pa timadontho tamkuwa, umene umabwera pakatha timanyali titatu tilitonse. Adaputa ikhale yokwana: lamba wamba wa timanyali 60 pa mita amadya ampeya pafupifupi 1.2 pa mita iliyonse akayaka moyera, choncho mamita 5 afuna ampeya 6, ndipo adaputa yaing'ono imatentha ndi kufa. Zovuta zina timazizindikira ndi maso. Mtundu umodzi ukasoŵa pa lamba yense, waya wa mtunduwo wamasuka. Ukasoŵa pa timanyali titatu tokha, chigaŵo chimenecho chafa, tichidule ndi kulumikiza zotsalazo. Tikadina kofiira nkuyaka kobiriŵira, mawaya asinthana. Kumapeto kwa lamba wamtali kukamafiirira pamene koyambirira kukuyera, mavolti akutsika m'njira, ndipo kabuluu ndi kobiriŵira, timene timafuna mavolti ambiri, ndito timayamba kufooka. Rimoti yatsopano ikakana, tione ngati kapulasitiki kotchinga batire kadachotsedwa. Mphunzitsi angathe kumasula waya mwadala ndi kuuza gulu kuti lipeze vuto. Ana amaikonda ntchito imeneyi kuposa kukopera manotsi.

Magetsi, maso ndi thanzi la ana

Magetsi a ESCOM ndi a mavolti 230, otha kupha. Pulagi ya adaputa aziloŵetsa ndi mphunzitsi yekha, ndipo mawaya osenda oloŵetsa m'soketi ndi timitengo ta machesi, monga timaonera m'misika, asapezeke m'kalasi. Ife timakonda batire koposa. Sukulu zambiri zilibe soketi m'makalasi, ndiponso magetsi a m'dziko muno amadalira kwambiri mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 mpaka m'chaka cha 2023, ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Phunziro lokonzekera sabata yathunthu lisafe chifukwa cha kuzima kwa magetsi. Batire la njinga yamoto ya kabaza, ngakhale lotopa loti silingalizenso injini, limayatsa mita imodzi ya lamba kwa phunziro lonse, ndipo amakaniko a ku Biwi amakhala nawo otere. Pa waya wa + pafupi ndi batire tiikepo fyuzi ya galimoto ya ampeya 3, chifukwa mawaya aŵiri a batire lotere akagundana amatentha mpaka kuotcha zala. Tisasinthanitse + ndi mnzake poloŵetsa m'kabokosi, pakuti timabokosi tambiri timapsa nthaŵi yomweyo.

Pa rimoti ya mabatani 24 pali anai olembedwa FLASH, STROBE, FADE ndi SMOOTH. Aŵiri oyambawo amachititsa nyali kuphethira kapena kulumpha mitundu mofulumira, ndipo ndiwo ana amaŵakonda. M'kalasi tisaŵadine. Pakati pa anthu odwala khunyu pali ena amene kuphethira kwa kuŵala kumaŵagwetsa, makamaka kukamachitika katatu kapena kuposerapo pa sekondi, ndipo m'kalasi la ana 100 sitingadziŵe aliyense, popeza makolo ena amabisa matendaŵa poopa kusalidwa. Tifunse mphunzitsi wa kalasilo mwamseri tisanayambe, ndipo mabatani aŵiriwo tiŵamate ndi kapepala. Mwana akagwa, tichotse zinthu zoti zingampweteke, tiike chofeŵa pansi pa mutu wake, kugwedezeka kukatha timgoneke cham'mbali, osaika kanthu m'kamwa mwake. Khunyu sapatsirana pokhudzana. Kugwako kukapitirira mphindi 5 tithamangire naye ku chipatala. Ana asayang'anenso mwachindunji m'kanyali koŵala kwambiri. Ayang'ane pa pepala.

Pali mwana winanso amene phunziroli limamuulula. Anzake onse akuti kofiira ndi kobiriŵira nzosiyana kutalitali, iye akuzengereza kapena akungotsata mayankho a mnzake. Mwina si ulesi kapena mwano. Anthu ena amabadwa ndi timaselo ta m'diso tosasiyanitsa bwino mitundu iŵiriyi, ndipo vutoli limapezeka mwa anyamata koposa atsikana. John Dalton, katswiri wa sayansi wa ku England, adafotokoza za vuto lake lotere m'chaka cha 1794. Mwana wotere tisamuyese pamaso pa anzake. Timpatse ntchito ya maswichi ndi ya kulemba ma 1 ndi ma 0, tidziŵitse makolo ake mwaulemu, ndipo ife tikumbukire pamene tikulemba pa bolodi ndi choko cha mitundu kapena kujambula mapu.

Phunziro likatha tichotse mabatire m'pepala lao, chifukwa akakhalitsa amatuluka madzi odya mawaya. Timanyali, marezisita ndi rimoti tisunge m'chitini chotseka, ndipo pa chivundikiro tilembe kukula kwa rezisita ya mtundu uliwonse, kuti wodzabwera pambuyo pathu asayambirenso samu. Ife a ku koleji timakhala pa sukulu yoyeserera kanthaŵi chabe, tsono katoni ndi chitinicho tikazipereke kwa mphunzitsi wamkulu kuti zilembedwe m'buku la katundu wa sukulu. M'nyengo ya dzinja timawaya ta maswichi timachita dzimbiri ndipo nyali imayaka mophethira kapena kukana. Kupala ndi sandipepa kapena ndi mwala wokhakhala m'maŵa wa tsiku la phunziro kumathetsa vutolo.